Tayala likatuluka kunja kwa madigadi, ngozi ndi ya yani?

Pakati pa galimoto zimene zimadutsa pa Jenda kapena kuima pa Mzimba Boma, sipasowa ina ya matayala otuluka kunja kwa thupi lake. Zina ndi mapikiapu ochokera ku South Africa, zina ndi malole ang'onoang'ono a matola amene eni ake adawasintha malimu kuti azilimbana ndi matope a ku Khosolo ndi kwa Mabulabo. Palinso ngolo zokokedwa ndi galimoto, zopangidwa ndi owotcherera zitsulo a m'misika, zimene zilibe madigadi nkomwe.

Kwa mwini galimoto, tayala lotere ndi chizindikiro cha mphamvu. Kwa mnyamata wa kabaza, mayi wosenza dengu la tomato kapena mwana wa sukulu woyenda m'mphepete mwa msewu, tayala lomwelo ndi legeni imene imaponya miyala, matope ndi madzi popanda woiletsa.

Nkhani ya tayala ndi madigadi imaoneka yaing'ono poyerekeza ndi mavuto ena a pamsewu monga kuthamangitsa galimoto ndi kuyendetsa utaledzera. Koma ikaunikidwa bwino imaonetsa zambiri za mmene malamulo a galimoto amagwirira ntchito m'dziko muno, makamaka m'madera akutali ndi maofesi a boma ngati kummwera kwa Mzimba.

Ntchito ya madigadi

Ambiri amaganiza kuti madigadi adaikidwa pongofuna kukongoletsa galimoto kapena kuteteza penti yake ku matope. Ntchito yake yeniyeni ndi kuteteza anthu ena.

Tayala likamazungulira, mano ake amatola timiyala, mchenga ndi madzi nkuziponya kumbuyo ndi m'mwamba. Galimoto ikamathamanga makilomita 80 pa ola, kunja kwa tayala nakonso kumazungulira pa liwiro lomwelo, ndipo mwala umene wakanirira m'mano ake umachoka ndi mphamvu yokwanira kuswa galasi la kutsogolo la galimoto yotsatira. Ngati ukutha kuswa galasi, nanga diso la munthu wa panjinga?

Madigadi, pamodzi ndi mphira zolendewera kumbuyo kwa matayala, amagwira zonsezi nkuzibwezera pansi. Koma amatero pokhapokha ngati aphimba tayala lonse m'lifupi mwake. Tayala likatuluka ndi masentimita asanu okha, mbali imeneyo imaponya chilichonse mwaufulu.

Nthawi ya dzinja vuto limakula. Lole yodutsa pamadzi imautsa nkhungu ya madzi ndi matope imene imatseka maso a dalaivala wa kumbuyo kwa masekondi angapo. Pa liwiro la makilomita 80 pa ola galimoto imayenda mamita 22 pa sekondi imodzi. Ndiye kuti dalaivala amene watsekeka maso kwa masekondi atatu wayenda mamita oposa 60 osaona kumene akupita. M'mapiri a Viphya, kumene nkhungu yachilengedwe imavutitsa kale madalaivala, mtunda umenewu ndi wokwanira kugwetsera galimoto kuphompho.

Chinanso nchakuti tayala losaphimba limakola. Likakhudza chogwirira cha njinga, chitenje kapena katundu wa pakaliyala, limakokera munthu pansi pa galimoto, pamene thupi losalala la galimoto likadangomukankhira kumbali.

Malamulo akuti chiyani?

Zonse zokhudza galimoto m'dziko muno zimayendetsedwa ndi lamulo la Road Traffic Act la 1997. Pansi pa lamuloli pali malamulo ang'onoang'ono ofotokoza kapangidwe ka galimoto, zipangizo zimene iyenera kukhala nazo ndi kagwiritsidwe ntchito kake: mabuleki, nyali, matayala, kutalika ndi kukula kwa galimoto, komanso kamangidwe ka katundu. Galimoto iliyonse iyeneranso kukhala ndi chiphaso chosonyeza kuti ndi yoyenera kuyenda pamsewu, chimene aliyense amachidziwa ndi dzina loti COF. Chiphasochi chimaperekedwa kudzera ku nthambi ya boma ya Directorate of Road Traffic and Safety Services, imene anthu amangoti a Road Traffic. Apolisi a pamsewu ali ndi mphamvu yoimitsa galimoto imene akuiona kuti siyoyenera kuyenda.

Mayiko ena adalemba nkhani ya tayala ndi madigadi mwachindunji. Ku Ulaya, lamulo la 1978 lidalamula kuti galimoto zing'onozing'ono zonyamula anthu zikhale ndi zophimba matayala, ndipo mu 1991 kudabwera lina lokhudza zipangizo zochepetsa nkhungu ya madzi pa malole akuluakulu ndi ngolo zake. Ku America chigawo chilichonse chili ndi malamulo akeake, nchifukwa chake pikiapu yololedwa m'chigawo china ikhoza kugwidwa ikalowa china. Ku California, mwachitsanzo, lamulo limanena poyera kuti madigadi kapena chilichonse chophimba tayala chisachepere m'lifupi kuyerekeza ndi mano a tayalalo.

Kwa anthu a ku Mzimba, malamulo ofunika kuwadziwa kwambiri kunja kwa dziko lino ndi a ku South Africa. Kumeneko lole yaikulu siyenera kupitirira mamita 2.6 m'lifupi, ndipo galimoto zocheperapo malire ake ndi mamita 2.5. Poyeza, amayambira pa chinthu chimene chatulukira kunja kwambiri mbali ina kufika pa chinzake cha mbali inayo, kupatula magalasi oonera kumbuyo ndi nyali zokhotera. Izi zikutanthauza kuti tayala lotuluka limawerengedwa ngati mbali ya kukula kwa galimotoyo. Katundu wotulukira m'mbali kapena kumbuyo kupyola muyeso woikika amayenera kumangiriridwa kansalu kofiira masana ndi zowala usiku.

Mfundo ya malamulo onsewa ndi imodzi. Msewu ndi wa anthu onse, ndipo amene wasintha galimoto yake sayenera kusenzetsa ena zotsatira za kusinthako.

Chifukwa chake amasintha

Nkosavuta kuloza chala eni galimoto, koma nawonso ali ndi mbali yawo imene iyenera kumveka.

Mzimba ndi boma lalikulu kuposa onse m'dziko muno, ndipo kalembera wa 2018 adapeza kuti muli anthu oposa 900,000, osawerengera a mumzinda wa Mzuzu. Ambiri mwa anthu amenewa amakhala kutali ndi msewu wa phula. Kuchokera pa M1 kulowa ku Khosolo, ku Luwawa, ku Emfeni kapena kumidzi ya kumalire ndi Zambia, mlimi amadalira msewu wa fumbi umene m'chilimwe umadzaza mabampu ndipo m'dzinja umaterera ngati therere. Msewu wa Jenda-Embangweni-Edingeni, wopita kulikulu la Inkosi ya Makosi M'mbelwa, udakhala nkhani ya pamisonkhano ya ndale kwa zaka zambiri, maboma akusinthana, anthu akudikira.

Komatu m'madera omwewa ndi mmene mumachokera tomato, anyezi, mbatatesi ndi nyemba zimene zimadzaza msika wa pa Jenda, fodya wopita kumsika wa ku Mzuzu ndi wa Chinkhoma ku Kasungu, komanso khofi wa alimi a kummwera chakummawa kwa bomali. Zonsezi zimatuluka pa galimoto. Mwini pikiapu amene wakhalapo usiku wonse m'matope ndi tomato wa anthu akuonongeka amafunafuna njira yoti zisamuchitikirenso. Akamva kuti tayala lalikulu limathandiza, amagula.

Chifukwa chachiwiri ndi ulendo wa ku Joni. Ubale wa Mzimba ndi South Africa ndi wakale, kuyambira nthawi ya Wenela ndi Teba pamene amuna ankapita kumigodi. Ngakhale kulemba anthu ntchito za kumigodi kudatha mu 1988, achinyamata a m'bomali sadasiye kupita. Pobwerera, kapena potumiza katundu kwa abale, amadalira amatransipota amene amadutsa pa Beitbridge, Nyamapanda ndi Tete nkulowa m'dziko muno pa Mwanza kapena pa Dedza. Galimoto zawo zimabwera zitasenza malata, mafiriji, mipando, njinga ndi matumba, kawirikawiri zikukoka ngolo yodzaza mpaka pamwamba. Pofuna kuti ngolo isapendeke ndi katundu wamtali, ena amatalikitsa ekiselo, matayala nkutulukira kunja. Ena amabwera ndi mapikiapu okongoletsedwa kale ndi malimu onyezimira, chizindikiro choti ulendo udayenda bwino.

Chifukwa chachitatu ndi ndalama. Matayala amachokera kunja, ndipo mtengo wake umatsatira mphamvu ya kwacha. Ndalamayi idatsitsidwa mphamvu ndi 25 peresenti mu May 2022, kenaka ndi 44 peresenti mu November 2023. Zitatero, ambiri adathamangira ku matayala ogwiritsidwapo kale ntchito. Wogula tayala lotere sasankha saizi. Amatenga limene lapezeka, ndipo likakhala kuti likukhula mkati, makaniko amalitulutsira kunja ndi zitsulo zotchedwa ma-spacer, kapena amadula madigadi kuti lipeze malo.

Chikomekome cha mkuyu

Akuluakulu adati chikomekome cha mkuyu, mkati muli nyerere. Tayala lotuluka kunja limaoneka lamphamvu, koma limafooketsa galimoto m'malo amene maso saona.

Opanga galimoto amayeza kuti kulemera kwake kutsikire pakati penipeni pa mabering'i a gudumu. Tayala likasunthidwira kunja, kulemerako kumagwera pambali, ngati munthu wonyamula ndowa ya madzi atatambasula mkono. Ndowa ndi yomweyo, koma phewa limatopa msanga. Chimodzimodzinso mabering'i ndi mabawuti ogwira limu: amatha msanga, ndipo pa msewu wa mabampu akhoza kuthyoka. Gudumu lochoka pa galimoto yothamanga siliima pomwepo. Limapitirira lokha mpaka litapeza chomenya.

Chiwongolero nachonso chimasintha khalidwe. Tayala lotulukira kunja likamenya dzenje kapena mwala, limakoka chiwongolero mwamphamvu kuposa la saizi yake, ndipo dalaivala wotopa akhoza kuchitaya m'manja.

Tayala likakhala lalitali kuposa loyenera, mavuto ena awiri amabwera. Loyamba, wotchi ya liwiro imanama: imaonetsa liwiro lochepa pamene galimoto ikuthamanga kwambiri, chifukwa tayala lalikulu limayenda mtunda wautali likazungulira kamodzi. Lachiwiri, mabuleki amavutika kuimitsa gudumu lalikulu ndi lolemera. Kuonjezera apo galimoto imakwera m'mwamba, ndipo galimoto yaitali yosenza katundu pamwamba sichedwa kugubuduzika pokhota.

Ngakhale pa matope penipenipo, tayala lalikulu m'lifupi si mankhwala a nthawi zonse. Pa mchenga limathandizadi chifukwa silimira. Koma pa dothi lofiira loterera, limene pansi pake pali polimba, nthawi zambiri limangoyandama nkumaterera, pamene tayala locheperapo la mano akuya limaboola matope nkugwira pansi. Mafuta nawo amatha ambiri. Mwini galimoto amapezeka kuti walipira kawiri, pogula tayala ndi pothira mafuta, vuto lake osatha.

Za matayala akale, pali chinthu chimodzi chimene wogula aliyense angathe kudzionera yekha. M'mbali mwa tayala mumakhala manambala anayi osonyeza sabata ndi chaka chimene lidapangidwa. Manambala 2318, mwachitsanzo, akutanthauza sabata ya 23 ya chaka cha 2018. Mphira imakalamba ngakhale mano akadalipo, ndipo tayala lokalamba likatenthedwa ndi katundu wolemera limaphulika mosachenjeza.

Masamu a pa M1

Msewu wa M1 ndiwo msana wa dziko lino, ndipo chigawo chake cha m'boma la Mzimba chimanyamula galimoto zamitundu yonse: matanka a mafuta ochokera ku Dar es Salaam kudzera pa Songwe, mabasi a pakati pa Lilongwe ndi Mzuzu, malole a fodya, komanso malole a matabwa ochokera m'nkhalango ya Chikangawa, imene idabzalidwa pa mahekitala pafupifupi 53,000. Pambali pa zonsezi pali njinga zakapalasa, njinga zamoto, ngolo za ng'ombe ndi anthu oyenda pansi.

Masamu ake ndi osavuta. Malole awiri a mamita 2.6 aliyense akamapatsana njira amatenga mamita 5.2. Pa msewu wa phula wa mamita 6 m'lifupi pamatsala masentimita 80 okha, ogawana pakati pa malolewo ndi m'mbali monse muwiri. Tsono lole iliyonse ikakhala ndi tayala, thabwa kapena belo la fodya lotuluka masentimita 10 mbali iliyonse, malo otsalawo amatsika kufika pa masentimita 40. Munthu wa panjinga amafuna malo osachepera mita imodzi. Apa palibe chimene angachite koma kudzigwetsera kutchire, ngati waiona lole nthawi ikadalipo.

Mu 2022 mtsogoleri wa dziko lino wa nthawi imeneyo, Dr Lazarus Chakwera, adakhazikitsa ntchito yokonzanso ndi kukulitsa makilomita 301 a msewu wa M1 ndi thandizo la banki ya European Investment Bank ndi bungwe la European Union. Ntchitoyi idagawidwa panayi, ndipo zigawo ziwiri zikukhudza kummwera kwa Mzimba: kuchokera ku Kasungu kufika pa Jenda, ndi kuchokera pa Jenda kufika pa mphambano yolowera ku Mzimba Boma.

Msewu wotambasuka ndi nkhani yabwino kwa wa panjinga. Koma paja walira mvula walira matope. Msewu ukasalala madalaivala amaponda mafuta, ndipo mwala woponyedwa ndi tayala, bawuti yofooka ndi tayala lokalamba zonse zimaopsa kwambiri liwiro likakwera. Galimoto imene inkapulumuka chifukwa maenje ankaikakamiza kuyenda pang'onopang'ono ikhoza kuonetsa zofooka zake pa phula latsopano.

Palinso nkhani ya kulemera. Mayiko a m'chigawo chino, kudzera m'mabungwe a SADC ndi COMESA, adagwirizana kuti ekiselo imodzi ya matayala anayi isasenze matani oposa 10, ndipo lole yonse ndi ngolo zake isapitirire matani 56. Malire amenewa sadangolotedwa. Kafukufuku wotchuka amene adachitika ku Illinois m'dziko la America pakati pa 1958 ndi 1960 adaonetsa kuti kuonongeka kwa msewu kumakwera mofulumira kwambiri kuposa kulemera kwa katundu. Ekiselo yosenza matani 12 m'malo mwa 10 imaononga msewu kawiri, ndipo yosenza matani 20 imaononga ka 16.

Apa ndi pamene nkhani ya matayala ikukumana ndi ya katundu. Kawirikawiri amene amaika matayala aakulu ndi kuonjezera masipuling'i pa lole yaing'ono amatero kuti azinyamula katundu woposa muyeso wake. Tayala lotuluka limakhala chizindikiro cha kunja cha galimoto imene ikugwira ntchito yoposa msinkhu wake. Ndalama zokonzera misewu zimachokera m'thumba la Amalawi, kudzera pa msonkho wa pa mafuta umene umapita ku Roads Fund Administration, pa zipata zolipiritsa za Chingeni ndi Kalinyeke, komanso pa ngongole zimene dziko lidzabweza. Phindu la katundu woonjezera limapita kwa munthu mmodzi, koma dzenje limene watsegula amalipira ndi onse.

Chiphaso chili bwino, galimoto yasintha

Vuto lalikulu la COF ndi lakuti imanena za galimoto pa tsiku limene idayezedwa. Zimene zachitika mawa lake sizilembedwa pa chiphasocho. Galimoto ikhoza kupita kokayezedwa ndi matayala oyenera, ngakhale obwereka, nkubwerako kudzavala ena. Pagalasi pamakhala chiphaso chabwinobwino, pansi pali zina.

Mtunda nawo umathandizira. Likulu la a Road Traffic m'chigawo cha kumpoto lili ku Mzuzu, makilomita oposa 100 kuchokera pa Mzimba Boma, ndipo kwa wochokera ku Khosolo kapena ku Edingeni ulendowo ndi wautali kuposa pamenepo. Galimoto zina za m'midzi sizifika nkomwe pa phula. Zimazungulira pakati pa midzi, zigayo ndi misika ya pasabata, kumene wapolisi wa pamsewu saonekaoneka.

Pa M1 pali rodibuloko yodziwika bwino ya pa Jenda, ndipo apolisi amaimanso m'malo ena. Koma aliyense woyenda pamsewu amadziwa mafunso amene amafunsidwa kawirikawiri: laisensi, inshuwalansi, COF. Zonsezi ndi mapepala, osavuta kuona. Kuyeza kukula kwa galimoto kumafuna tepi, ndipo kuyeza mano a tayala kumafuna kachipangizo kake ndi nthawi yowerama. Pamene mzere wa galimoto watalika, zimenezi zimatsalira.

Nkhani ya ziphuphu pamsewu nayo si yachilendo m'makutu a Amalawi. Pamene chindapusa chasanduka chokambirana, lamulo limasanduka msonkho wa panjira. Dalaivala amalipira nkupitirira, tayala lili chitulukire.

Komanso chindapusa chokha, ngakhale cholipiridwa mwachilungamo ndi lisiti, sichibwezera tayala mkati. Cholinga cha lamulo ndi chakuti galimoto ikonzedwe. Ngati mwini wake walipira lero nkudzadutsanso pamalo omwewo mawa osasintha kanthu, boma lapeza ndalama koma wa panjinga sadapindule kalikonse.

Amene amalipira ndi moyo

Bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO lidati mu lipoti lake la 2023 anthu pafupifupi 1.19 miliyoni amafa pangozi za pamsewu chaka chilichonse, ndipo Africa ndiye ali patsogolo poyerekeza ndi chiwerengero cha anthu ake, ngakhale ali ndi galimoto zochepa. M'lipoti la 2018 bungweli lidayerekeza kuti ku Malawi anthu 31 mwa 100,000 alionse amafa pamsewu pachaka, chiwerengero chimene chidali m'gulu la zokwera kwambiri padziko lonse. Ambiri mwa omwalirawo sakhala m'galimoto. Amakhala oyenda pansi ndi okwera njinga.

Ena ndi okwera kumbuyo kwa malole ndi mapikiapu. Kummwera kwa Mzimba, kumene minibasi sizifika m'midzi yambiri, matola ndiyo basi, ndiyo ambulansi, ndiyonso galimoto ya maliro ndi ya ukwati. Anthu amakhala m'mphepete mwa bodi miyendo ili lende, pamwamba penipeni pa tayala. Ngati tayalalo latuluka ndipo madigadi adadulidwa, phazi kapena chitenje chili pafupi ndi gudumu lozungulira.

Anthu a m'bomali sadaiwale ngozi ya pa Mapanjira mu November 2017, pamene lole ya asilikali idagubuduzika nkupha asilikali oposa 20. Ngoziyo idaonetsa mmene zimakhalira lole yodzaza anthu kumbuyo ikagwa: palibe lamba, palibe chowatchinga, ndipo ovulala amachuluka nthawi imodzi kuposa mmene chipatala chapafupi chingathere.

Wovulala ku Edingeni kapena kwa Mabulabo amayamba wafika ku chipatala cha mishoni cha Embangweni, cha Katete kapena cha boma pa Mzimba, ndipo wothyoka kwambiri amatumizidwa ku Mzuzu Central Hospital. Ulendo wonsewo ndi wa maola, pa misewu yomwe ija. Banja limene lataya wolipezera chakudya silifunsa ngati chidayambitsa ndi liwiro, katundu kapena bawuti. Limangodziwa kuti madzi akatayika saoleka.

Chingachitike nchiyani?

Kuletsa matola kapena kulanda galimoto zonse zosinthidwa si yankho, chifukwa kungasiye alimi ndi odwala opanda choyendera. Koma pali zinthu zingapo zotheka popanda ndalama zambiri.

Choyamba ndi kufalitsa malamulo m'zilankhulo zimene anthu amamva. Malamulo a kapangidwe ka galimoto adalembedwa m'Chingerezi cha maloya, ndipo dalaivala wamba amangowadziwa tsiku limene wagwidwa. A Road Traffic atalemba mwachidule m'Chitumbuka ndi m'Chichewa miyeso yofunika, nkuimata m'madepoti, pa rodibuloko ya pa Jenda ndi m'magalaja, komanso kuiulutsa pa wailesi za m'madera, mkangano wa pamsewu ungachepe. Lamulo lodziwika kwa onse ndi lovuta kuligulitsa.

Chachiwiri ndi kufikira amakaniko ndi owotcherera zitsulo. Iwowa ndi amene amaika ma-spacer, kudula madigadi ndi kupanga ngolo. Ambiri adaphunzira ntchito pamanja, ndipo ndi aluso. Atauzidwa muyeso woyenera, akhoza kupanga madigadi okulirapo ophimba tayala lonse ndi kuika mphira za kumbuyo, zimene zingadulidwe ngakhale ku lamba wakale wa makina. Imeneyi ndi ntchito yowabweretsera ndalama, ndipo mtengo wake sungafanane ndi wa galasi losweka, osanena za diso la munthu.

Chachitatu ndi kubweretsa kuyeza galimoto pafupi ndi anthu. Oyeza atamafika pa Mzimba Boma, pa Jenda ndi pa Embangweni pa masiku odziwika, makamaka mvula isanayambe ndi pamene msika wa fodya ukutsegulidwa, eni galimoto sangakhale ndi chonamizira cha mtunda. Sikelo zonyamulika zingathandizenso pa malole a matabwa ndi a fodya.

Chachinayi ndi kusintha cholinga cha chilango. Galimoto yopezeka ndi tayala lotuluka ipatsidwe masiku owerengeka kuti ikonzedwe ndi kukaonetsedwanso, ndipo wobwereza mlandu ndiye alandire chilango chokhwima.

Mafumu ndi khonsolo ya M'mbelwa nawo ali ndi mbali yawo. Mawu a inkosi amamveka m'midzi kumene wapolisi safika, ndipo eni matola ndi ana a m'midzi momwemo. Okwera nawonso ali ndi mphamvu, ngakhale ndi yochepa pamene galimoto ndi imodzi yokha patsiku.

Koma muzu wa nkhaniyi ndi misewu ya m'midzi. Malinga ngati msewu wa ku Khosolo kapena wa kumalire ukumeza galimoto dzinja lililonse, eni galimoto apitiriza kufunafuna nzeru zawozawo, zabwino ndi zoipa zomwe. Boma limene likufuna kuti anthu asunge galimoto zawo mmene zidapangidwira liyeneranso kuwapatsa misewu imene galimoto yotero ingadutse. Pamene misewuyo ikudikiridwa, chimene mwini galimoto angachite lero ndi kuima kutsogolo kwa galimoto yake nkuyang'ana m'mbali. Ngati mano a tayala akuoneka kunja kwa madigadi, adziwe kuti akuyenda ndi ngozi imene idzagwere munthu wina.